Musanagule AC, werengani zipinda ndi mayunitsi

Okutobala akafika, kutentha kwa ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi sikusewera. Mu saluni makasitomala sakhalitsa, alendo pa malo ogona amafunsa kaye ngati chipinda chili ndi AC, ndipo mankhwala ambiri a m'shopu safuna kutentha kopitirira madigiri 25 kapena 30. Amalonda ambiri amathamangira kufunsa mtengo wa makina, koma funso loyamba ndi lakuti: mukufuna kuziziritsa zipinda ziti?

Ku America ndi Canada nyumba zambiri zili ndi makina amodzi aakulu otenthetsa ndi kuziziritsa, omwe amakankhira mpweya m'zipinda kudzera m'mapaipi aakulu. Ena amagawa nyumbayo m'zigawo. Chigawo chilichonse chimakhala ndi thermostat yake, ndipo timazitseko ta m'mapaipimo timatseguka kapena kutsekeka malinga ndi komwe mpweya ukufunika. Chipinda chopanda munthu sichidya magetsi.

Nzeru yake ndi yabwino, koma makina oterewa amafuna nyumba yotsekeka bwino komanso mmisiri wodziwa kuyeza mapaipi. Mapaipi akadutsa pansi pa malata otentha osakutidwa bwino, mpweya umafika m'chipinda utafunda kale. Mukatsekanso zigawo zambiri nthawi imodzi, mpweya umapanikizika ndipo makina amatopa msanga. Makinawo akafa, nyumba yonse yatentha.

Kwa wamalonda amene ali ndi shopu kutsogolo ndi zipinda zogona kumbuyo, kugawa kotereku kumatheka ndi ma AC a split, aja okhala ndi chigawo chimodzi pakhoma m'kati ndi china panja. Yambani ndi chipinda chomwe chimabweretsa ndalama, zinazo muike mafani.

Kukula kwa AC amakuyeza mu BTU. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 chimakwanira ndi 9,000 BTU, pomwe cha mamita 4 kwa 5 chimafuna 12,000 BTU. Ngati muli madiraya a tsitsi, mafiriji kapena anthu ambiri, onjezerani mphamvu. AC yochepa imangolira tsiku lonse osaziziritsa. Yaikulu mopyola imangoyaka ndi kuzima, n'kusiya chinyezi m'chipinda.

Tsopano mayunitsi a ESCOM. AC wamba ya 12,000 BTU imakoka pafupifupi mawati 1,100. Ikayenda maola 8 osapuma, ndiye kuti mayunitsi pafupifupi 9 patsiku, kapena oposa 200 pa masiku 26 ogwira ntchito. Fani ya mawati 60 pa maola omwewo siikwanitsa ndi theka la yuniti. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti womwe uli pa risiti yanu, kenaka dzifunseni ngati phindu la pamwezi lingasenze ndalamayo. AC ya inverter ndi yokwererapo pogula, koma imachepetsa liwiro chipinda chikazizira, choncho imadya pang'ono.

Musanapereke ndalama, funsani zinthu zitatu. Choyamba, gasi wake ndi wanji? R-22 akuthetsedwa pa dziko lonse motsatira pangano la Montreal, choncho chenjerani ndi AC zakale zotsika mtengo. Zatsopano zimayendera R-410A kapena R-32. Chachiwiri, kodi imatenthetsanso? Ku Dedza ndi Mzuzu, komwe Juni ndi Julayi amaluma, izi n'zothandiza. Chachitatu, kodi mtengowo ukuphatikiza mmisiri, mapaipi a kopa ndi chotetezera kompuresa magetsi akabwera mwadzidzidzi?

Ngati nyumba ilibe siling'i, ikani siling'iyo kaye, chifukwa kuziziritsa pansi pa malata okhaokha n'kutunga madzi ndi dengu. Makina akaikidwa, tsekani zitseko, tcherani pa madigiri 24 m'malo mwa 16, ndipo tsukani sefa pakatha milungu iwiri iliyonse m'nyengo ya fumbi.