Kodi Mumadziwa? Pulasitiki Yowala Ingathe Kuzindikira Asidi a M'thupi

Pali mitundu ina ya pulasitiki, kapena kuti ya ma polymer, imene imanyezimira ikaunikiridwa ndi kuwala kwa UV. Kunyezimirako kumazilala kapena kumasintha mtundu pulasitikiyo ikakumana ndi mankhwala ena, ndipo asayansi amadalira zimenezi pofufuza ma amino acid, tizidutswa timene timapanga mapuloteni.

Mwa ma amino acid 20 opanga mapuloteni, awiri okha ndiwo ali m'gulu la asidi: glutamate ndi aspartate. M'madzi a m'thupi awiriwa amakhala ndi mphamvu yamagetsi ya negative. Choncho akatswiri amamangirira tizigawo ta positive pa ulusi wa polymer kuti tiziwakoka. Akangogwidwa, kuwala kumasintha, ndipo makina amayeza kusinthako.

Chogometsa kwambiri ndi chimene anasonyeza Timothy Swager ku America mu 1995. Kachinthu kamodzi kokha kakamatirira pa ulusiwo, kamatha kuzimitsa kuwala kwa chigawo chachitali cha ulusi, monga nyale zolumikizidwa pa waya mmodzi. N'chifukwa chake ngakhale mankhwala ochepetsetsa amaonekera. Nzeru yomweyi inathandiza kupanga zida zonunkhiza mabomba a TNT.

Nanga glutamate ndi wofunika bwanji? Ndiye amanyamula mauthenga ambiri pakati pa maselo a ubongo, koma akachuluka, monga zimachitikira munthu akadwala sitiroko, amapha maselowo. Kumuyeza msanga si nkhani yamasewera ayi. Ndi glutamate yemweyu amene Kikunae Ikeda wa ku Japan anapeza mu 1908 kuti ndiye amakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja.