Imelo ikafika ndi zilembo zosokonekera

Lachisanu lina dzuwa litapendeka, mnzanga wa m'chipinda adandiitana kuti ndione imelo yochokera kwa mlembi wa mpingo wina wapafupi kumene amakathandiza. Inali ndondomeko ya Sukulu ya Sabata yomwe iye amayenera kutsogolera mawa lake. Mzere woyamba umati "Mâ€™mawa wa Sabata", ndipo timagulu ta zizindikiro totere tidali mbwee mpaka kumapeto. Iye adaganiza kuti laputopu yake yalowa vayirasi ndipo adatsala pang'ono kufufuta uthengawo. Munalibe vayirasi, ndipo palibe liwu lomwe lidatayika. Mapulogalamu awiri a imelo ndiwo sadamvane.

Kompyuta sidziwa zilembo, imadziwa manambala okha. Mukalemba "A", imasunga nambala 65, ndipo pulogalamu ya wolandira imayang'ana pa mndandanda wake kuti 65 ndi chilembo chiti. Mndandanda wakale wotchedwa ASCII udatuluka ku America mu 1963 ndipo uli ndi malo 128 okha, okwanira zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Anthu a zinenero zina adapanga mindandanda yawoyawo, monga Windows-1252 wa zinenero za kuzambwe kwa Ulaya. Kenako padabwera Unicode, yomwe cholinga chake ndi kupatsa chilembo chilichonse cha pa dziko nambala yakeyake. Njira yomwe imelo zambiri zimanyamulira Unicode lero ndi UTF-8, yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992.

Mu UTF-8, zilembo wamba zili ndi manambala omwe aja a ASCII. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya imelo yosokonekera imawerengekabe. Koma zilembo zina zimatenga manambala awiri, atatu kapena anayi. Pulogalamu ikalakwitsa n'kuwerenga ndi Windows-1252, imatenga nambala iliyonse ngati chilembo pachokha, ndipo chilembo chimodzi chimasanduka ziwiri kapena zitatu zopanda tanthauzo.

Ife olemba Chichewa vutoli limatipeza msanga chifukwa cha nkhodolero, kachizindikiro kaja ka m'mawu monga m'mudzi, ng'ombe ndi n'chifukwa. Nkhodolero zilipo za mitundu iwiri. Yoongoka ili mu ASCII ndipo sivuta. Yopindika ilibemo, ndipo mu UTF-8 imatenga manambala atatu, omwe akawerengedwa molakwika amaoneka ngati â€™. Microsoft Word imasintha yokha nkhodolero yoongoka kukhala yopindika pamene mukulemba. Mlembi uja adalemba ndondomeko yake mu Word, n'kuikopera mu imelo. Chiganizo cha Chichewa sichipita patali chisanakumane ndi nkhodolero, ndiye mutha kuona mmene tsamba lonse lidaonekera. Chilembo cha ŵ, chomwe ena amalemba m'dzina la Malaŵi ndipo anzathu olemba Chitumbuka amachigwiritsa ntchito kawirikawiri, nachonso sichipezeka mu Windows-1252. Chikasokonekera, Malaŵi amasanduka MalaÅµi.

Imelo iliyonse imanyamula kamzere kobisika konena mndandanda womwe yagwiritsa ntchito. Chisokonezo chimabwera pamene pulogalamu yotumiza yasiya kamzereko kapena yalemba kolakwika, kapenanso yolandira yakanyalanyaza. Pa Gmail ya pakompyuta, dinani timadontho titatu ta pambali pa uthenga, sankhani "Show original", ndipo fufuzani liwu loti charset. Pa Thunderbird pali "Repair Text Encoding" pansi pa "View", yomwe imayesa kuwerenganso uthenga ndi mndandanda woyenera. Chophweka kuposa zonse ndi kutsekula imelo yomweyo kwina: ngati yavuta pa pulogalamu ya palaputopu, ioneni pa foni. Ikaoneka bwino kumeneko, vuto lili kwa inu. Ikavuta paliponse, lili kwa wotumiza kapena pa njira yomwe yadutsa.

Maonekedwe a chisokonezocho amakuuzaninso ngati pali chopulumutsa. Mukaona â€™ kapena Åµ, manambala onse adafika, angowerengedwa molakwika. Koma mukaona mfunsiro m'malo mwa chilembo, monga Mala?i, nthawi zambiri chilembocho chidatayidwa uthenga usanakufikeni, ndipo palibe batani lomwe lingachibweze. Pemphani kuti akutumizireninso. Mukaona zinthu ngati =20 kapena =C5=B5, ndi chizindikiro cha = kumapeto kwa mizere, mukuona chokulungira cha uthenga. Imelo idamangidwa kuti izinyamula ASCII yokha, choncho kuyambira 1992 dongosolo la MIME limakulunga zilembo zinazo kuti zidutse, ndipo pulogalamu yolandira imayenera kumasula. Ikalephera, yesani ina.

Vuto lomwe ine ndimaliopa kwambiri ndi la winmail.dat, chifukwa limameza mafayilo. Munthu amatumiza ntchito ya m'kalasi kapena kalata yofunsira ntchito, koma wolandira amangoona kafayilo ka dzina limeneli, kosatsekuka. Zimachitika pamene Outlook yatumiza uthenga mu mtundu wotchedwa "Rich Text", womwe imaumanga m'njira yomwe mapulogalamu ena ambiri saimva. Wokonza ndi wotumiza: pa Outlook ya pakompyuta apite pa "File", kenako "Options", kenako "Mail", asankhe HTML kapena "Plain Text", atumizenso. Pa intaneti pali timapulogalamu totsekula winmail.dat, koma sindingalimbikitse munthu kuika pa kompyuta yake chinthu chosachidziwa pomwe kuimba foni kamodzi kungathetse nkhani. Chopweteka n'chakuti wotumiza sadziwa kanthu. Kwa iye uthenga udapita bwinobwino, ndipo amadzamva tsiku lomaliza lopereka ntchito litadutsa kuti aphunzitsi sadathe kuitsekula.

Outlook yakale inalinso ndi kachinthu koseketsa. Munthu akaika kankhope komwetulira, kamalembedwa ndi zilembo za Wingdings, ndipo pa chipangizo chopanda Wingdings kamaoneka ngati J. Ngati mudalandirapo uthenga wothera ndi J wosadziwika bwino, wolembayo ankakumwetulirani.

Kwa ife amene tikukonzekera uphunzitsi, ndi aliyense wotumiza zolengeza za mpingo, ndondomeko kapena malipoti, ndikuona kuti ndi bwino kusunga chikalata chofunika ngati PDF n'kuchiphatika ku imelo, m'malo mokopera mawu a mu Word. PDF imaoneka chimodzimodzi kwa aliyense. Ngati uthenga ukupita kwa anthu ambiri, yambani mwadzitumizira nokha ku adiresi ina, muuone pa foni.

Lachisanu lija tinalibe nthawi yodikira kuti mlembi atumizenso, ndipo foni yawo sinkapezeka. Tidakopera uthenga wonse mu Word, tidatsekula "Replace", n'kuiuza kuti paliponse pamene pali â€™ iike nkhodolero. Sizidatenge mphindi ziwiri. Mnzanga adasindikiza ndondomeko yake n'kusita malaya Sabata lisanalowe, ndipo sabata yotsatira mlembi adatumiza PDF.