Mphunzitsi Amene Anawerenga Mbalame

Giorgio Parisi anabadwa m'caka ca 1948 mu mzinda wa Rome, m'dziko la Italy. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Sapienza, natsiriza maphunziro ace mu 1970. Pambuyo pace anakhala profesa, ndiko kunena mphunzitsi wamkuru. Anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya Tor Vergata mu 1981, ndipo mu 1992 anabwerera ku Sapienza.

Nzeru imene iye anaphunzitsa ndiyo ya zinthu zocuruka. M'dontho limodzi la madzi muli tizinthu tosawerengeka, ndipo palibe munthu angathe kutsata kamodzikamodzi. Cifukwa cace akatswiri afunsa funso lina: kodi khamu lonse licita bwanji? Masamu a funso limeneli ngaatali ndithu, motero iwo agwiritsa nchito makina ochedwa kompyuta. Auza makinawo malamulo amene kanthu kamodzi katsata, ndipo makinawo aonetsa cimene khamu lonse lidzacita.

Nyengo ya cisanu, mbalame zochedwa starling zimasonkhana pamwamba pa Rome madzulo, zikwi ndi zikwi. Zimatembenuka pamodzi ngati utsi, osagundana, ndipo ngakhale kabawi aziukire sizimwazikana. Nanga azilamulira ndani?

Parisi ndi anzace anakwera pa tsindwi la nyumba ina pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anaika makina ojambulira m'malo osiyana, najambula zithunzi pa nthawi imodzimodzi. Kompyuta inalinganiza zithunzizo, nipeza malo a mbalame iri yonse m'mwambamo. Mu 2008 analengeza cimene anapeza: mbalame iri yonse imasamala zinzace zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri zoyandikana nayo, zingakhale ziri pafupi kapena patali pang'ono. Imodzi ikatembenuka zinzacezo zimaitsata, ndipo kutembenukako kumafalikira msanga m'khamu lonse. Wozilamulira palibe.

Mu 2021 Parisi analandira mphotho ya Nobel, cifukwa anapeza dongosolo lobisika m'zinthu zooneka zosokonezeka. Njira zace zithandizanso amene aphunzira za bongo wa munthu.

Mafunso
1. Kodi Parisi anaphunzitsa pa masukulu ati?
2. Cifukwa ninji akatswiri a nzeru imeneyi agwiritsa nchito kompyuta?
3. Fotokozani umo khamu la mbalame litembenukira lopanda wolilamulira.