UTSI WA FODYA PABWALO LA SUKULU: DANDAULO LA MPHUNZITSI WA KWA KADUYA

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023 dziko la Malawi lidalowa m'pangano la mayiko lochepetsa kusuta fodya, limene bungwe la zaumoyo la World Health Organization lidakonza m'chaka cha 2003. Ndime 8 ya panganolo ifuna kuti Boma liteteze anthu ku utsi wa fodya m'malo a ntchito, m'zokwera za anthu onse ndi m'nyumba zosonkhanamo anthu, pamene ndime 16 iletsa kugulitsa fodya kwa ana. Mawu amenewa adalembedwa ku Geneva, koma mphamvu yake idzaoneka kumalo onga kwa Mfumu Kaduya m'boma la Phalombe, kumene mphunzitsi aima tsiku ndi tsiku pakati pa akulu osuta mosaganizira anzawo ndi ana amene ayamba kutaya ulemu.

Anthu ambiri ayesa kuti zimenezi ndi nkhani ziwiri, ina ya umoyo ndi ina ya mwambo. Mphunzitsi wa kumudzi adziwa kuti nkhaniyi ndi imodzi.

BWALO LOPANDA MPANDA

Sukulu zambiri za m'midzi, ku Phalombe monganso m'maboma ena, zilibe mpanda. Njira yopita kumsika, kuchigayo kapena kumjigo ipita pakati pa makalasi. Bwalo la mpira ndi la mudzi wonse. Misonkhano ya chitukuko ichitikira pomwepo, chisankho chichitikira pomwepo, ndipo pamene namondwe wa Freddy adasakaza bomali m'mwezi wa Malichi 2023, m'makalasi ndimo mudathawira mabanja amene nyumba zawo zidagwa. Chotero n'zosadabwitsa kuti munthu wa m'mudzi aona bwalo la sukulu monga lake lomwe.

Bvuto libuka pamene mwini bwaloyo afika ndi ndudu pakamwa. Wina aima pamthunzi wa mtengo umene ana a Sitandade 2 aphunzirirapo, napichira chingambwe chake. Wina wa kabaza adikira wokwera pafupi ndi zenera lopanda galasi, utsi nulowa m'kalasi modzaza ana. M'mawa ana omwewo ndiwo asesa tizidutswa ta ndudu totsala pa mpira wa dzulo. Mphunzitsi akalankhula, ayankhidwa kuti panja ndi panja, ndipo iye alibe lamulo pa munthu wamkulu wodutsa m'njira.

Ana aona zonsezi. Aona kuti mawu a mphunzitsi wawo athera pakhomo la kalasi. Tsono mnyamata wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 2, amene wagula ndudu imodzi pa okala nakaisuta kuseri kwa chimbudzi, akagwidwa sagwetsanso nkhope monga kale. Afunsa chifukwa chake iye alangidwa pa chinthu chimene akulu achita poyera pabwalo lomwelo. Funso limeneli ndi lamwano, komatu lili ndi mano, makamaka kumene mphunzitsi wina wa pasukulu pomwepo atuma mwana kukamgulira ndudu pa nthawi yopuma.

ZIMENE MADOKOTALA ADAPEZA

Dandaulo la mphunzitsi si la fungo lokha ayi. M'chaka cha 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku Britain adaonetsa kuti kusuta kuyenderana ndi khansa ya m'mapapo. M'chaka cha 1981 Takeshi Hirayama wa ku Japan adapeza kuti akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta adwala khansa imeneyi koposa akazi a amuna osasuta. Kuyambira pamenepo kudadziwika kuti utsi susankha mwini ndudu. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo ayambitsa khansa. Bungwe la World Health Organization liwerengera kuti anthu oposa 7 miliyoni afa chaka chilichonse chifukwa cha fodya, ndi kuti oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi anthu osasuta amene angopuma utsi wa anzawo.

Kwa ana utsiwu uutsa mphumu ndi kuchulukitsa chibayo, chifuwa ndi matenda a m'khutu. Chinanso n'chakuti osuta ambiri adayamba akali achinyamata, pakuti nikotini, mankhwala a m'fodya opatsa chibaba, agwira msanga ubongo umene ukali kukula. Ndudu imodzi ya kuseri kwa chimbudzi ikhoza kukhala ngongole ya moyo wonse. Akale ankati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu; pankhani ya fodya zatembenuka, pakuti wosuta ndi wamkulu koma wotsokomola ndi mwana.

MLIMI SI MDANI

Pali chifukwa chimene nkhaniyi ivutira kuikamba m'dziko muno. Fodya ndiye abweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene Malawi apeza pogulitsa katundu kunja, ndipo dziko lino lili m'gulu la mayiko olima fodya wa bale wochuluka koposa. Alimi a m'chigwa cha Phalombe, pamodzi ndi nandolo, mpendadzuwa ndi chimanga, alimanso fodya amene akagulitsidwa ku okushoni ku Limbe. Yunifomu ya mwana nthawi zina ichokera m'chigafa. Mphunzitsi amene anena zoipa za fodya aoneka ngati akunyoza khasu la makolo a ana ake.

Komatu kulima ndi kusuta n'zosiyana. Fodya wochuluka wa m'dziko muno atumizidwa kunja, ndipo pangano lija sililetsa mlimi kulima. Ndime 17 ingopempha maboma kuthandiza alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Palibe belo la fodya limene lidzatsika mtengo ku Limbe chifukwa chakuti munthu wazimitsa ndudu pofika pabwalo la sukulu. Mwambo wa makolo nawonso uli ku mbali ya mphunzitsi: kale fodya anali wa akuluakulu, ndipo mnyamata sakadayerekeza kumsuta pamaso pa atsibweni ake.

CHIKWAPU SI YANKHO

Alipo ena amene anena kuti mwano wa ana udayamba ndi demokalase, ndipo kuti mankhwala ake n'kubwezera chikwapu m'manja mwa mphunzitsi. Akumbukira masiku a Dr Hastings Kamuzu Banda, pamene kumvera ndi kusunga mwambo zinali mwa nsanamira zinayi za dziko. N'zoona kuti zambiri zidasintha m'chaka cha 1994. Pamene Boma lidachotsa fizi ku pulayimale m'chakacho, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi ambiri adalembedwa ntchito asadaphunzire mokwanira. Cholinga cha Boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi a m'munsi si chachilendo kupeza ana oposa 100. Munthu mmodzi sangadziwe mtima wa mwana aliyense pa khamu lotere.

Ngakhale zili choncho, njira yobwerera kumbuyo ndi yotseka. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino liteteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo Unduna wa Maphunziro uletsa aphunzitsi kukwapula ana. Ndiponso chikwapu chikadaloledwa, chikadagwa pa mwana yekha, wamkulu wa pamthunzi uja n'kupitiriza kufuka utsi wake. Mwanayo akadaphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti lamulo ndi la ofooka. Ufulu umene ana aphunzira m'kalasi uli ndi mnzake wotchedwa udindo, ndipo udindo mwana auphunzira poona akulu ake.

AMENE ALI NDI MPHAMVU

Pamene Malawi ankalowa m'pangano lija m'chaka cha 2023, dziko lino linalibe lamulo loletsa kusuta m'malo onse a anthu ambiri, longa limene dziko la Ireland lidayamba nalo m'malo a ntchito m'chaka cha 2004. Kukonza lamulo lotere ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Koma sukulu ya kumudzi isowa chinthu chapafupi koposa pamenepo, ndipo zida zake zilipo kale.

Sukulu iliyonse ya pulayimale ili ndi komiti yoyendetsa sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo zambiri zili ndi gulu la amayi oyang'anira ana. Mafumu a m'dziko muno adaonetsa kale kuti malamulo a m'midzi ali ndi mphamvu pamene adawagwiritsa ntchito pothetsa maukwati a ana ndi kubweza atsikana kusukulu. Kaduya ndi mfumu imene idakwezedwa kukhala mfumu yaikulu ya Alhomwe, ndipo mawu ochokera kumpando wotere amveka kutali. Nyakwawa itanena pamsonkhano kuti bwalo la sukulu si malo osutirapo, ndi kuti wogulitsa ndudu kwa mwana adzayankha pabwalo la milandu la mudzi, wodutsa m'njira amene anyoza mphunzitsi sangayankhe chimodzimodzi.

Antchito a Boma nawonso ali ndi mbali yawo. Mlangizi wa maphunziro poyendera sukulu akhoza kufunsa za nkhaniyi monga afunsira za kaundula wa ana. Alangizi a zaumoyo a m'midzi akhoza kulankhula kwa ana ndi makolo pa 31 Meyi, tsiku loganizira kuipa kwa fodya pa dziko lonse. Koleji ya aphunzitsi ya Phalombe ili m'boma lomweli, ndipo mphunzitsi wachinyamata ayenera kutulukamo akudziwa kulanga mwana popanda ndodo: kumuitana pambali, kuitana makolo ake, ndi kulemba mlandu wake m'buku kuti chilango chifanane kwa onse.

Koma poyambira penipeni ndi m'chipinda cha aphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu amene aletsa anzake kusuta pasukulu ndi kutuma ana ndudu ndiye angaime pamaso pa nyakwawa ndi komiti wopanda manyazi. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mwana wa kwa Kaduya adzapereka ulemu kwa mphunzitsi wake pa tsiku limene adzaona atate ake omwe akuzimitsa ndudu pofika m'malire a sukulu.