KHOSWE WOMANGA NYUMBA M'MPHEPETE MWA MTSINJE

Ku California, m'dziko la Amerika, kuli khoswe wa m'thengo amene sadziwa nkhokwe monga acitira makoswe athu kuno. Iye amatola timitengo touma namanga nato nyumba imene nthawi zina imafika m'cifuwa mwa munthu. Mwini wake akafa, wina amalowamo naonjezera timitengo take.

Akatswiri a zinyama amachera makoswewa ndi misampha yosapha, nawayeza pa sikelo, nawaika cizindikiro pa khutu, kenaka nawamasula pomwepo. Iwo anapeza kuti mtundu wina wa makoswewa sucoka m'thengo lowirira la m'mphepete mwa madzi. Thengo limeneli alimi analigwetsa potsegula minda, kotero kuti makoswe ambiri otsala anapanikizika m'nkhalango yaing'ono ya Caswell, pa mtsinje wa Stanislaus.

Mu Januwale 1997 mtsinjewo unasefukira numiza mbali yaikulu ya nkhalangoyo. Kale nyama zikadathawira ku thengo la kumtunda, koma kumeneko kunali minda yokhayokha. M'caka ca 2000 boma la dzikolo linalemba mtundu umenewu pa gulu la nyama zimene zili pafupi kutheratu, ndipo kuupha ndi mlandu.