Kodi Chipatala Tichiyese ndi Sikelo Yanji?

Aliyense amene anathyolapo tiyi m'minda ya ku Thyolo adziŵa kuti masamba amayesedwa kaŵiri. Poyamba kapitawo amaona kulemera kwake pa sikelo. Pambuyo pake, kumsika wa tiyi ku Limbe, ogula amalaŵa, ndipo mtengo umatsata ubwino wake, osati kuchuluka kwa madengu. Nzeru yomweyi yafika tsopano pa nkhani za zipatala.

Kwa zaka zambiri ntchito ya chipatala inkayesedwa poŵerenga odwala amene alembedwa m'kaundula, jakisoni amene abayidwa ndi mapiritsi amene aperekedwa. Koma m'chaka cha 2006 akatswiri aŵiri a ku America, a Michael Porter ndi a Elizabeth Teisberg, analemba buku lonena kuti funso lenileni ndi lakuti: pa ndalama zimene zamwazidwa, kodi wodwala wachira ndi kubwerera ku ntchito yake?

Anthu a ku Khonjeni, m'dera la Mfumu Kapichi, sayenera kupita kutali kuti amvetse zimenezi. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito m'boma la Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka mankhwala a ma ARV. Posakhalitsa zinaoneka kuti chipatala cha pa boma chokha sichingakwanitse. Munthu wakutali ankataya tsiku lathunthu la ganyu ndi ndalama ya ulendo, ndipo ena ankangoleka mankhwala. Chifukwa chake ntchitoyo inagaŵidwa ku zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo anamwino ndi alangizi a zaumoyo anapatsidwa mbali ina ya ntchito imene kale inali ya madokotala okha.

Mu 2012 anayesanso njira imene inayambira ku Tete, m'dziko la Mozambique, mu 2008. Odwala amene thupi lawo lakhazikika amapanga kagulu ka anthu osapitirira 6, ndipo amasinthana kukatengera anzawo onse mankhwala. Mzere wa kuchipatala umafupika, namwino amapeza nthaŵi yoona odwala kwambiri, ndipo m'kagulumo wina akafooka anzake amamulimbitsa mtima. Poŵerenga mitu pakhomo la chipatala chiŵerengero chimatsika, komabe phindu kwa wodwala limakula.

Boma linayesanso kulipira potsata zotsatira. Mu 2013, ndi chithandizo cha maiko a Germany ndi Norway, zipatala zina za ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu zinayamba kulandira mphotho zikasamala bwino amayi pochira, ndipo amayiwo ankapatsidwa kandalama ka ulendo ndi ka chakudya kuti akhale masiku aŵiri kuchipatala mwana atabadwa, popeza ngozi zambiri zimadza m'masiku oyambawo.

Komatu walira mvula walira matope. Mphotho ikamangidwa pa chiŵerengero cha ochira, chipatala chingayambe kupeŵa odwala kwambiri, kapena kukometsa kaundula. Ndiponso si chilungamo kudzudzula namwino chifukwa cha zotsatira zoipa pamene alibe mankhwala, magetsi, madzi kapena ambulansi. Kotero pafunika oyendera oona mtima, ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi amene amafunsa odwala eni ake mmene athandizidwira.

Sabata yamaŵa tidzaona mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni, monga cha Malamulo ku Makwasa, ndi mmene umakhudzira thumba la munthu wosauka.