Mnyamata amene anadzisindikizira buku: m'mene a Christopher Paolini amagwirira nchito yolemba

A Christopher Paolini a ku America ndi mmodzi mwa alembi ochuka a nkhani zopeka za maiko amene kulibe, momwe muli mafumu ankhanza, amatsenga ndi zinjoka zouluka. Buku lao loyamba, lochedwa Eragon, analiyamba ali ndi zaka 15, ndipo linatuluka m'caka ca 2002 popanda thandizo la kampani yaikulu yosindikiza mabuku. Banja lao ndilo linalipira zonse, ndipo mlembi mwini wake ndiye anayenda nalo kukaligulitsa.

Anthu ambiri akamva mbiri imeneyi amati unali mwai cabe. Mwai unalipodi, koma unapeza nchito ya zaka zoposa zitatu itagwiridwa kale.

Nkhani za mtundu umenewu pa Cingerezi amazicha fantasy. Zimafanana ndi nthano za madzulo pamoto, momwe kalulu amalankhula ndi njobvu ndipo palibe amene amadabwa. Kusiyana kwake nkwakuti nthano imatha usiku womwewo, pamene buku ngati Eragon liri ndi masamba pafupifupi 500. Motero mlembi ayenera kukumbukira malamulo onse a dziko limene walipeka, kuyambira pa tsamba loyamba kufikira lotsiriza.

Bukuli limasimba za mnyamata wa pa famu amene anatola cinthu conga mwala m'mapiri. Patapita masiku, mwalawo unasweka ndipo munatuluka kamwana ka cinjoka, kamene anakacha Saphira. Kuyambira pamenepo mnyamatayo analowa m'nkhondo yolimbana ndi mfumu yankhanza, Galbatorix.

Sukulu ya pakhomo

A Paolini anabadwa mu 1983 ku California, koma anakulira ku Paradise Valley m'cigawo ca Montana, dera la mapiri atali ndi cisanu coopsa. Makolo ao, a Kenneth ndi mai Talita, anawaphunzitsira pakhomo pamodzi ndi mlongo wao Angela. Maphunziro a sekondale anawacita kudzera m'makalata, ndipo anawatsiriza ali ndi zaka 15.

Pokhala kutali ndi tauni ndiponso ali ndi nthawi yambiri, anaganiza zolemba nkhani ya mtundu umene iwo eni anali kukonda kuwerenga. Aka sikanali koyamba kuyesa. Malinga ndi zimene akhala akufotokoza, nkhani zao zoyamba zinali kufera pa masamba owerengeka cifukwa anali kuyamba kulemba asanadziwe kumene nkhaniyo ikupita.

Kukonza nkhani isanalembedwe

Ataona bvuto limeneli, anasiya kaye kulemba ndi kuyamba kuwerenga mabuku ophunzitsa kamangidwe ka nkhani. Limodzi mwa mabukuwo linali Story, lolembedwa ndi a Robert McKee. Pambuyo pake anatha pafupifupi mwezi wathunthu akukonza ndondomeko ya nkhani yonse, imene anafuna kuti idzakhale m'mabuku atatu. Anayamba ciganizo coyamba akudziwa kale mathero.

Masamba oyamba okwana 60 anawalemba pamanja, kenaka anapitiriza pa kompyuta. Kulemba koyamba kunatenga caka cimodzi. Atawerenga zimene analembazo, sanakhutire nazo. Ngakhale dzina la mnyamata wa m'nkhaniyo linali lina: poyamba anali Kevin. Dzina lakuti Eragon linacokera ku liu la Cingerezi lakuti dragon, kutanthauza cinjoka, atangosintha cilembo coyamba.

Caka caciwiri conse cinathera pa kulembanso bukulo. Apa ndi pamene pamagona alembi ambiri oyamba kumene, cifukwa kulemba koyamba kumakoma, koma kubwerera ku zimene walemba kale ndi kufafaniza zimene unazikonda kumafuna mtima wolimba.

Dziko lopeka, zipangizo zenizeni

Ngakhale dziko la m'bukuli, Alagaësia, ndi lopeka, zambiri za m'menemo zinacokera ku zinthu zimene mlembiyu anali kuziona. Mapiri a m'nkhaniyi anawatengera ku mapiri a Beartooth a ku Montana. Mai wina wodziwa mankhwala a zitsamba anamucha Angela, potengera mlongo wao. Mau ambiri a cilankhulo camatsenga anawatenga ku Old Norse, cilankhulo cakale ca anthu a kumpoto kwa Ulaya. Mapu a dzikolo anajambula okha.

A Paolini amadziwikanso ndi cizolowezi coyesa ndi manja ao zinthu zimene akufuna kulemba. Anaphunzira kusula mipeni ndi kuluka malaya acitsulo onga amene ankhondo akale anali kubvala. Colinga cake ncakuti akamalemba za wosula zitsulo, wowerenga amve kutentha kwa ng'anjo ndi kulemera kwa nyundo.

Banja liika cuma cake pa buku

Makolo ao atawerenga bukulo, anagwirizana kuti alisindikize okha kudzera m'kampani yao yaing'ono, Paolini International. Caka cacitatu cinathera pa kukonza zolakwa, kusanja masamba ndi kukonzekera malonda. Cithunzi ca pa cikuto, diso la Saphira, cinajambulidwa ndi mlembi yemweyo.

Kusindikiza wekha buku kumatanthauza kuti nchito zonse zimene kampani yaikulu imagawira anthu ambiri zimagwera munthu mmodzi kapena banja limodzi. Palibe wolipira wosindikiza koma iwe, ndipo palibe wolengeza malonda koma iwe. Buku likapanda kugulidwa, ngongole imatsala pakhomo.

Pofuna kupeza owerenga, a Paolini anayendera masukulu, malaibulale ndi masitolo a mabuku, kumene analankhula maulendo oposa 135. Anali kubvala ngati munthu wa m'nthawi zamakedzana: shati yofiira, buluku lakuda lotakasuka, nsapato zazitali zomanga ndi zingwe ndiponso kapu yakuda. Anali kuima tsiku lonse akulankhula ndi aliyense wodutsa, kugulitsa buku limodzi-limodzi.

Ndalama za cakudya ca banjali zinali kudalira malonda amenewa. A Paolini anenapo kangapo kuti bukulo likadacedwa miyezi ingapo kubweretsa phindu, banja likadagulitsa nyumba ndi kusamukira m'tauni kukafuna nchito. Mwa njira imeneyi anagulitsa makope pafupifupi 10,000.

Mwai ufika

M'caka comweco ca 2002, mlembi wina wodziwika, a Carl Hiaasen, anali pa chuti ku Montana ndi banja lao. Mwana wao wopeza anawerenga Eragon ndipo analikonda kwambiri. A Hiaasen anauza kampani imene inali kusindikiza mabuku ao, Alfred A. Knopf ya ku New York, ndipo kampaniyo inagula ufulu wosindikiza bukulo.

Koma silinatuluke monga linaliri. Mkonzi wa kampaniyo, mai Michelle Frey, anagwira nchito ndi mlembiyu ndipo anacotsamo mau pafupifupi 20,000. Buku limene linali litalembedwa kawiri ndi kukonzedwa ndi banja lonse linapezeka kuti likali ndi zambiri zosafunika. Linatulukanso mu August 2003, a Paolini ali ndi zaka 19, ndipo linalowa pa mndandanda wa nyuzipepala ya New York Times wa mabuku ogulidwa kwambiri.

Buku laciwiri, Eldest, linatuluka mu 2005, ndipo filimu ya Eragon inaonetsedwa mu 2006. Nkhani itakula kuposa m'mene anakonzera, mabuku atatu aja anasanduka anai: Brisingr mu 2008 ndi Inheritance mu 2011. M'caka ca 2011 bungwe la Guinness World Records linawalemba kuti ndiwo mlembi wamng'ono koposa wa mabuku otsatizana ogulidwa kwambiri.

Si onse amene anayamikira. Openda mabuku ena anati Eragon ikufanana kwambiri ndi mafilimu a Star Wars ndiponso mabuku a J.R.R. Tolkien, ndipo anati zikuoneka kuti wolemba anali mwana amene akali kutsanzira akulu ake. Filimu ija nayonso inadzudzulidwa kwambiri, ndipo yaciwiri siinapangidwe.

Phunziro lomwe lija libwereranso

Atatsiriza mabuku anaiwo, a Paolini anayamba buku la akulu lonena za maulendo a m'mlengalenga, To Sleep in a Sea of Stars. Iwo abvomereza poyera kuti pa nthawiyi anadzidalira mopitirira, nayamba kulemba asanakonze bwino ndondomeko. Zotsatira zake zinali zakuti anakonza bukulo mobwereza-bwereza kwa zaka zingapo koma osalongosoka. Potsiriza anatenga kope ndi colembera, nakonzanso nkhani yonse pamanja, ndi kulembanso mbali yaikulu ya bukulo. Linatuluka mu 2020, patapita zaka zisanu ndi zinai kucokera pa Inheritance.

Bvuto limene linawagwetsa ali mlembi wochuka ndi lomwe lija linali kupha nkhani zao ali mnyamata, ndipo mankhwala ake anali omwe aja.

Kuyambira mu 2007, pamene kampani ya Amazon inatsegula njira yoti alembi aziika okha mabuku ao pa Kindle, kudzisindikizira buku kwakhala kosabvuta ndiponso kochipa kuposa m'nthawi ya banja la Paolini. Cimene makina sanacotse ndi nchito yokonza nkhani, kuilembanso, kumvera mkonzi ndi kufunafuna owerenga.

A Paolini anabwerera ku dziko la Alagaësia mu November 2023 ndi buku lochedwa Murtagh, patapita zaka 20 kucokera pamene kampani ya Knopf inatulutsa Eragon.